Mutu 6: Ezeliya Aika Khutu pa Thanki

1. Galimoto yokokedwa ndi ng'ombe

Anthu a pa Msundwe adazolowera kuona ng'ombe zikukoka ngolo ya njerwa kapena ya chimanga. Koma Lachitatu limenelo, dzuwa litangoyamba kutentha, ng'ombe ziwiri zidatulukira mu msewu wochokera ku Namitete zikukoka pikapu yoyera, mabelo a fodya ali pamwamba. Ogulitsa mbatata adaimirira. A kabaza adasiya njinga zawo n'kuyamba kuilondola.

Ezeliya adali pansi pa mtengo wa malaina, pa galaja ya amalume ake, akutsuka mabawuti m'beseni la palafini. Adali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kwawo ku Nsaru. Atalemba mayeso a Fomu 4, amalume akewo, a Frackson, adamutenga kuti adzaphunzire umakaniko. Ankagona kwawo, ankadya kwawo, ndipo chilichonse chimene ankadziwa pa za galimoto adachimva kwa iwo.

Pikapuyo adaizindikira ikadali patali. Idali ya ku esiteti ya fodya ya kuseri kwa Namitete, ndipo aka kadali kachitatu kubwera pa galajapo mwezi umodzi womwewo.

Pa chiwongolero padali Mose, dalaivala wake, mnyamata wowonda amene makolo ake adachokera ku Phalombe kudzalima fodya ngati matenanti. Mlomo wake wapansi udali wotupa, malaya atang'ambika paphewa. Kumbuyo kunkabwera njinga yamoto ya a Owen, mwana wa mwini esiteti, amene ankayendetsa zonse za kumundako.

A Owen sadapereke moni kwa munthu aliyense.

"Bambo Frackson, galimoto yanu ija ndi iyi. Mwaona mmene yabwererera?"

A Frackson adatuluka pansi pa minibasi imene ankakonza, akupukuta manja pa kansanza. "Takulandirani, bwana. Yatani kodi?"

"Mukufunsa ine? Yazima pachikweza cha kutsidya kwa mlatho, katundu ali pamwamba. Yabwerera chambuyo mpaka m'ngalande. Mabelo awiri agwera m'madzi. Mayi wina amene anakwera pamwamba wathyoka mkono, panopa ali kuchipatala. Ulendo woyamba munati ndi mapulagi, munasintha. Wachiwiri munati ndi koyilo ndi sefa ya mafuta, munasintha, mpaka kulumbira kuti yachira. Lero ndikufuna yankho limodzi. Kaya inu ntchito simuidziwa, kaya uyu akundibera petulo n'kumathiramo palafini. Sankhanipo."

Anthu adali atazungulira kale. A Frackson adayang'ana nkhope zawo. Padali eni minibasi, padali a kabaza, padalinso mwini chigayo cha kumsika, onse anthu obweretsa ntchito pa galajapo. Kenaka adapita kumbali kwa pikapu, adatsegula chotsekera cha thanki, n'kununkhiza kamodzi kokha.

"Ndimakayika kale," adatero. "Muli palafini umu."

Mose adatsegula pakamwa kuti ayankhule, koma a Owen adamugwira pakolala n'kumukhazika pansi, pafupi ndi tayala lakumbuyo.

2. Madontho awiri pa pepala

"Ezeliya, tenga botolo," adalamula a Frackson. "Masula bawuti ya pansi pa thanki utape mafutawo. A bwana apite nawo kupolisi ngati umboni."

Ezeliya adayala katoni pansi n'kulowa chagada kunsi kwa galimoto. Atagogoda thanki ndi chala, idamveka ngati chigubu chotsala pang'ono kuuma. Adamasula bawuti, mafuta adatsika mpaka botolo lidadzaza, ndipo adaimanganso.

Atatuluka adaliunika botololo kudzuwa. Madzi akalowa mu petulo amakhala pansi paokha, malire ake amaoneka. Umu mudalibe malire. Adafuna kununkhiza, koma manja ake omwe ankanunkha palafini, choncho mphuno sakadaikhulupirira.

Adang'amba pepala la thumba la simenti. Mbali imodzi adadonthezapo mafuta a m'botolo, mbali inayo palafini wa m'chigubu cha pa galaja. Adadikira pang'ono. Dontho la m'botolo lidauma osasiya kanthu. La palafini lidasiya banga lonona, losachoka.

Adabwerera ku tayala lakumbuyo, n'kunjuta ngati akuona bawuti ija.

"Achimwene, imayamba bwanji ikafuna kuzima?" adafunsa chapansipansi.

Mose sadadzutse mutu. "Zikuthandizani chiyani? Amalume anu anena kale."

"Tangondiuzani."

"M'mawa imavuta kulira, mpaka ndipotoze kiyi kanayi kapena kasanu. Popanda chikweza imayenda bwino. Koma ikatentha, ili ndi katundu, n'kupeza phiri, imayamba kutsamwa. Ndikaponda mafuta siimva. Kenaka zii. Ndikaisiya theka la ola imaliranso ngati palibe chinachitika."

"Palibe phokoso lachilendo?"

"Lilipo, kumbuyo kuno. Ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Ndinawauza amalume anu maulendo onse awiri. Anati dalaivala ntchito yake ndi chiwongolero."

Ezeliya adayang'ana thanki. M'kati mwa thankiyo ndi mmene munkakhala pampu, kamakina koyendera magetsi kamene kamakankha petulo kuti akafike ku injini. A Frackson omwe ndiwo adamuphunzitsa zizindikiro za pampu yotopa, pa galimoto ya mphunzitsi wina wa ku Mpingu. Zonse zimene adanena Mose zidali zomwezo.

3. Chenjezo la a Frackson

A Frackson adali atapita kuseri kwa galaja kukasamba m'manja. Ezeliya adawatsatira, adagwada, n'kuwaonetsa botolo ndi pepala.

"Amalume, petuloyu ndi wabwinobwino. Ndikuganiza kuti vuto ndi pampu."

Iwo adaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenaka adalipindapinda n'kuliponya mu mgolo wa zinyalala.

"Ukuganiza. Wayamba liti kuganiza pa galaja panga? Tamvera kuno, Ezeliya, ndipo umvetsetse, chifukwa sindibwereza. Ine masipanala ndinayamba kugwira mayi ako asanakwatiwe. Dzina la Frackson analimva ku Nambuma, analimva ku Kabudula. Dzina limenelo ndi limene umadya, ndi limene umafunda. Wawaona anthu aja? Akangomva kuti Frackson anaphonya kawiri, kenaka n'kuwongoleredwa ndi kamtsikana kotsuka mabawuti, mawa pano pamera udzu. Galimoto zonse zipita kwa amakaniko a ku Namitete. Ndiye iwe udzaphunzirira pati?

"Ndipo amene uja ukumudziwa? Ndi mwana wa mwini esiteti. Mathirakitala awo, njinga zawo, zonse zimabwera pano. Iye wanena kale pagulu kuti dalaivala ndi wakuba. Ukamutsutsa, wamuvula pamaso pa anthu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, mwana iwe. Umangomuyang'ana.

"Moseyo ndi ndani wako? Ndi wobwera. Chaka chino ali kuno, chaka chamawa ali ku Kasungu kapena kwawo. Kupolisiko akagona masiku awiri, akamutulutsa. Pampuyo ndidzasintha mwakachetechete, palibe adzadziwe. Koma iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga. Nditakutenga ku Nsaru anthu anandiseka, ankati mkazi pa galaja ndi tsoka. Ndinapirira. Usandiyalutse lero. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Pita ukapereke botololo, pakamwa potseka."

"Koma amalume, munthu uja amumenya kale. Mlomo wake..."

"Ndati pita."

Ezeliya adadzuka, botolo lili m'manja.

4. Chingwe cha ng'ombe

Pamene ankabwerera kumaso, gulu lidali litakula. Munthu wina adali atamasula chingwe chimene chidakokera galimoto ndipo ankachikulunga m'manja. A Owen adali atalanda laisensi ya Mose n'kuiika m'thumba la malaya. Tsopano ankayankhula pafoni ndi kapitawo wa ku esiteti, mokweza kuti aliyense amve.

"Uwauze makolo ake amange katundu. Lamulungu lisawapeze pa esiteti panga. Fodya wawo amene ali m'chigafa asamukhudze."

Mose adagwada m'fumbi.

"Bwana, ine ndimenyeni, ndimangeni. Koma makolo anga alakwa chiyani? Fodya uja avutika naye chaka chathunthu. Mchemwali wanga akulemba mayeso a Sitandade 8 sabata yamawa. Petulo wanu sindinabepo ngakhale wa m'kapu."

"Obwerawa ndi choncho," adatero bambo wina wa chipewa chofiira, ndudu ili pakamwa. "Ukawakomera mtima amakudyera masuku pamutu."

"Ifenso tinamuona akugulitsa mafuta," adaonjezera wina kumbuyo. Palibe adamufunsa kuti adamuona liti, kapena kuti.

Chingwe chidazungulira manja a Mose. A Owen adatembenukira kwa Ezeliya n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa botololo."

Ezeliya adayang'ana amalume ake. Iwo adali ataima pakhomo pa galaja, ndipo adagwedeza mutu pang'ono kuti apereke. Adayang'ananso chingwe chija. Chidali cha nayiloni, chodetsedwa ndi ndowe, ndipo wochimangayo ankachikoka ndi mano kuti mfundo ilimbe.

Botolo adalibweza kuchifuwa kwake.

"Bwana, m'botolo muno mulibe palafini."

Kenaka a kabaza adaphulika kuseka.

"Watani?" adafunsa a Owen.

"Petuloyu ndi wabwino. Galimotoyi yadwala pampu ya mafuta. Mundilole ndikuonetseni."

"Bambo Frackson, wantchito wanuyu mutu wake ukuyenda?"

"Ndi mwana, bwana, sakudziwa chimene akunena," adayankha a Frackson. Mawu awo adali atasintha. "Ezeliya, siya botololo upite kunyumba."

"Akufuna kupulumutsa chibwenzi chake ameneyu," adatero wa chipewa chofiira.

"Akaphike uko, atisiye amuna tikambe za galimoto," adatero wina.

Ezeliya sadasunthe.

Pamenepo padamveka mawu a a Chande. Iwo adali mkulu wa imvi, mwini sitolo ya zipangizo za galimoto yoyandikana ndi galajayo. Paunyamata wawo adayendetsa mathiraki akuluakulu zaka zambiri. Adali atakhala pa benchi la pakhonde pawo, kofia ili kumutu, ndipo sadadzuke n'komwe.

"A Owen, kuyesako kukutayitsani nthawi yochuluka bwanji? Polisi siithawa, ili pomwepo."

A Owen adayang'ana wotchi ya pafoni. "Mphindi khumi. Zikatha, onse awiri ndiwatenga."

5. Khutu pa thanki

Ezeliya adayamba ndi bambo wa chipewa chofiira.

"Bambo, nduduyo zimitsani, kapena pitani nayo kutali. Pano pali petulo."

Bamboyo adatukwana, koma adaiponya pansi n'kuiponda.

Adatenga pepala lina n'kubwereza madontho awiri aja pamaso pa onse. A Owen adayang'ana banga limodzi lokhalo n'kukweza mapewa.

"Pepala si injini," adatero.

"Zoona, bwana. Ndiye tichotsemo mafuta onse amene mukuwakayikira, tithiremo ena. Ngati vuto ndi mafuta, galimoto ilira."

A Chande adaloza m'sitolo mwawo. "Muli chigubu cha malita asanu, cha jenereta yanga. Ndinagula dzulo ndekha. Tenga."

Ezeliya adalowanso pansi n'kukhetsa thanki yonse m'beseni loyera. Sadatuluke mafuta ambiri. Adamanga bawuti, adathira petulo wa a Chande, kenaka adapempha kuti Mose amasulidwe manja kuti agwire kiyi. Adamumasula monyinyirika, koma chingwecho adachimanga m'chiuno mwake.

Mose adapotoza kiyi. Injini idazungulira, idazungulira, osalira. Adayesanso kawiri. Chimodzimodzi.

Kuseka kuja kudachepa.

"Tsopano ndikupempha bata," adatero Ezeliya. "Bwana, tabwerani ku minibasi iyi. Iyinso ndi ya petulo. Ikani khutu apa pothirira mafuta."

"Ine ndiike khutu pa minibasi?"

"Kamodzi kokha."

A Owen adayang'ana uku ndi uku, kenaka adawerama. Mwini minibasiyo adapotoza kiyi pang'ono, osailiza. M'kati mwa thanki mudamveka kulira kosalala, mmmm, kwa kanthawi kochepa, n'kusiya.

"Imeneyo ndi pampu yamoyo," adatero Ezeliya. "Ukangopotoza kiyi imadzuka, n'kukankhira mafuta kutsogolo. Tiyeni ku yanu."

Ezeliya adaika khutu lake poyamba, kenaka a Owen. Mose adapotoza kiyi. Mudali zii.

"Mwina ndi fyuzi," adatero mwini minibasi, amene tsopano adali atasendera pafupi.

"Mwina," adavomera Ezeliya. Adatsegula kabokosi ka mafyuzi, adazula ya pampu n'kuionetsa kudzuwa. Kawaya kake kadali kathunthu, ndipo adaibwezera m'malo mwake. Kenaka adatenga kababu koyesera magetsi, adalowa pansi, n'kugunditsa pa waya wolowa mu thanki. Mose atapotoza kiyi, kababu kadayaka.

"Magetsi akufika. Mafuta alimo, abwino. Sefa ndi yatsopano, anaika ndi amalume. Chatsala n'chiyani?"

Ezeliya adatola chipika cha mtengo chimene ankatchingira matayala.

"Achimwene, lizani, osasiya."

Injini ikuzungulira, iye adamenya pansi pa thanki ndi chipikacho, kamodzi, kawiri. Kachitatu, m'kati mudayamba kulira kowawa m'makutu, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Injini idatsokomola n'kulira.

Anthu adabwerera m'mbuyo.

"Pondani mafuta," adatero Ezeliya.

Mose adaponda. Injini idatsamwa, idanjenjemera, n'kuzima.

Chomaliza, Ezeliya adamasula payipi ya mafuta pafupi ndi injini n'kulowetsa kukamwa kwake m'botolo lopanda kanthu. Adamenyanso thanki mpaka pampu idadzuka. Petulo amene adayenera kuthovoka mwamphamvu ankangodontha, ngati mjigo wa mwezi wa Okutobala.

"Injini siingakwere phiri ndi madontho amenewa, bwana. Pampuyi yatopa. Ikazizira imayesako. Ikatentha imaima."

A Frackson adali chiimire pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Sankayang'ana botolo. Ankayang'ana Ezeliya.

6. Mawu a a Chande

A Owen sadafune kugonja msanga.

"Chabwino, ndi pampu. Ndiye waiwononga ndi yemweyu ndi kayendetsedwe kake."

"Mumathira malita angati paulendo?" Ezeliya adafunsa Mose.

Mose adayang'ana bwana wake, kenaka pansi. "Amandipatsa atatu, mwina anayi. Amati ndikadzaza ndigulitsa. Kanyali kofiira ka mafuta sikazima chiyambire Januwale."

Apa a Chande adadzuka pa benchi. Adayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa gulu.

"A Owen, bambo anu ndi ine tinadziwana inu musanabadwe, ndiye mundilole ndiyankhule. Pampu imakhala m'mafuta ngati nsomba m'dziwe. Mafuta omwewo ndiwo amaiziziritsa. Mukamayendetsa galimoto thanki ili gwa, pampu imakhala pamtunda, ikupsa, ikukoka dothi la pansi. Siifa tsiku limodzi. Imayamba kulira, kenaka kutsamwa, kenaka kuima. Iyi yakhala ikulira miyezi ingapo, ndipo munthu mmodzi yekha ndi amene ankaimva, uyu mwamumangayu. Inu munaopa kuberedwa malita awiri. Lero mabelo anu anyowa, mayi wa eni ake wathyoka mkono. Wakuba amene mukumufunayo simumupeza pa Msundwe pano.

"Ndipo inu nonse mwaima apanu, manyazi akugwireni. Ine ndayenda. Ndinagonapo m'mbali mwa msewu m'dziko la eni, thiraki itafa, osadziwa chiyankhulo chawo. Wobwera ndi munthu aliyense amene wachoka pakhomo pa amayi ake. Mawa ndi inu ku Mchinji kapena ku Joni. Galimoto ikadwala, yambani mwafunsa amene amakhala nayo. Chingwe chizibwera pomaliza."

Wa chipewa chofiira adali atazemba kale. Ena ankakanda m'mutu. Wina adamasula chingwe m'chiuno mwa Mose n'kuchibwezera kwa mwini ng'ombe.

A Chande adatembenukira kwa Ezeliya, ndipo nkhope yawo siidali yosekerera.

"Iwenso, mwana wanga, usayese kuti wapambana. Wanena zoona, ndipo unayenera kunena. Koma zoona zakozo zavula anthu awiri akuluakulu pakati pa msika. Asakunamize munthu kuti akuthokoza. Munthu amakhululukira msanga amene wamubera kusiyana ndi amene wamuonetsa kulakwa kwake ana akuona. Usakweze mapewa. Amalume ako ndi mmisiri, anangophonya, ndipo amene wakuphunzitsa kuika khutu pa thanki ndi iwowo. Ukakumana nawo ugwade monga kale. Zimene wayambazi ndi zazitali."

A Owen adakwera njinga yawo. Nkhope idali itachita mdima. Laisensi ya Mose idakali m'thumba mwawo, ndipo sadaitulutse.

"Iwe mtsikana," adatero. "Pampu ndikagula mawa m'mawa ku tauni. Bambo Frackson asaikhudze, ndatopa nawo. Uike ndi iweyo. Lachisanu galimotoyi inyamule mabelo kupita kumsika wa fodya ku Kanengo, iwe uli momwemo. Ikafika, nkhani yatha. Ikazima panjira ngakhale kamodzi, makolo a uyu achoka pa esiteti panga, ndipo nonse awiri mukafotokoza kupolisi kuti munagwirizana chiyani."

Adaliza njinga n'kupita, osadikira yankho.

7. Chikwama pakhonde

Gulu litabalalika, a Frackson adayamba kutola zida zawo. Adatola masipanala onse, jeke, kababu koyesera magetsi, ngakhale mabawuti amene adali m'beseni. Adaziika m'bokosi lachitsulo, adakhoma loko, n'kuika kiyi m'thumba.

Ezeliya adagwada pafupi nawo.

"Amalume, ndinayamba ndakuuzani panokha."

Iwo adamudutsa ngati akudutsa chitsa. Minibasi ija adaisiya osamaliza, n'kulowera kumsika.

Ezeliya adasesa pa galaja monga mwa masiku onse. Adataya madzi akuda, adapinda makatoni. Dzuwa litapendeka adapita kunyumba, kuseri kwa chigayo.

Chikwama chake adachipeza pakhonde, zipi atatseka, nsapato zake za kutchalitchi zili pamwamba. Azakhali ake, akazi a a Frackson, adali ataima pakhomo, dzanja lili pa chitseko.

"Amalume ako ati ukwere matola a madzulo ano upite ku Nsaru," adatero. "Ati ovolosiyo usiye, ndi yawo."

"Azakhali, mundilole ndiwadikire ndipepese."

"Upepese chiyani? Ukapepesa, anthu aiwala zimene aona? Panopa ali kumsika, aliyense akuwaloza. Iwe unadya m'nyumba muno miyezi isanu ndi itatu. Ine ndilibe mawu, mwana iwe. Vula upite, asakupeze pano."

Ezeliya adavula ovolosi, adaipinda bwino n'kuiika pa mpando. Adatsala ndi siketi ndi malaya a m'kati. Adanyamula chikwama n'kubwerera kumsewu.

Pa siteji padali lole ya matola, anthu atadzaza kale ndi matumba awo a kumsika. Wothandizira dalaivala adamuona ndi chikwama n'kuyamba kumukodola.

"Nsaru, achemwali? Malo alipo amodzi. Ikatha iyi palibenso ina."

Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa malaina, pikapu yoyera idali pomwe adaisiya. Mose adali atakhala pa mabelo, akulondera katundu wa bwana wake, kansalu konyowa kali pa mlomo. Adaona chikwamacho ndipo adamvetsa. Adangotsitsa maso.

Dalaivala wa matola adaliza hutala kawiri.

"Mukukwera kapena ayi?"

"Pitani," adatero Ezeliya.

Lole idanyamuka, fumbi lake lidamukuta. Iye adaoloka msewu n'kutula chikwama pafupi ndi tayala la pikapu.

Mose adatsika pa mabelo. Kwa kanthawi onse adangoyang'ana bokosi lachitsulo lija ndi loko wake.

"Akuthamangitsani chifukwa cha ine," adatero.

"Andithamangitsa chifukwa cha pakamwa panga."

"Zida mutenga kuti?"

"Sindikudziwa."

"Nanga mugona kuti?"

"Sindikudziwanso."

Mose adapukuta mlomo wake. Adakhala ngati akuopa kufunsa, koma adafunsabe.

"Achemwali, mundikhululukire. Makolo anga onse ali m'manja mwanu. Pampu ya mu thanki munaikapo kangati?"

Ezeliya adayang'ana kunsi kwa galimoto, kumene thanki idapachikika ndi malamba awiri achitsulo odyeka ndi dzimbiri.

"Sindinaikepo," adayankha. "Ndinangoonerera kamodzi, amalume akuika."